Thambo likufutukukira kuti, nanga pakati pake ndi pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Area 25. Nditawauza ana a Fomu 3 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, mtsikana wina anandifunsa kuti chikufutukukira kuti. Mnzake anati ngati milalang'amba yonse ikutithawa, ndiye kuti ife tili pakati penipeni. Wachitatu anafunsa chifukwa chake mtunda wochokera kuno kukafika ku Blantyre sukuwonjezereka. Ndinawayankha mwachidule, koma mtima wanga sunakhutire. Ndiwafotokozere bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo kuti simunawabweze anawo ndi mawu aja akuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Mafunso atatuwa anazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zambiri, ndipo onse akuphuka pa tsinde limodzi, lomwe ndi chithunzi chimene chimabwera m'mutu munthu akamva mawu akuti kufutukuka.

Ife a ku Lilongwe kufutukuka timakudziwa ndi maso. Kuchokera pamene likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, mzindawu wakhala ukudya minda. Kumene anthu ankalima chimanga ndi fodya lero kuli mapuloti, mipanda ya njerwa ndi zigayo. Taonani njira ya ku Mchinji, ya ku Bunda, ngakhale ku Area 25 komwe mukuphunzitsako. Mzinda uli ndi pakati pake, uli ndi malekezero, ndipo kuseri kwa malekezerowo kuli malo amene ukulowamo. Mwana akamva kuti chilengedwe chikufutukuka amanyamula chithunzi chomwechi n'kupita nacho kumwamba, ndiye n'zomveka kuti afunse kuti minda yake ili kuti. Chithunzi cha mzindachi ndicho muyenera kuyamba mwachichotsa, chifukwa milalang'amba, yomwe ndi magulu akuluakulu a nyenyezi, sikuthamangira kumalo opanda kanthu. Chimene chikukula ndi mpata wa pakati pa mlalang'amba wina ndi unzake, ndipo ukukula paliponse nthawi imodzi.

Pitani kwa wokonza njinga mukapemphe legeni wautali, uja a kabaza amamangira katundu. Panikizanipo mapegi asanu oyanikira zovala, motalikirana masentimita 10. Ana awiri agwire uku ndi uku, akoke pang'onopang'ono mpaka legeniyo atalike kuwirikiza kawiri. Tsopano wina ayeze ndi rula kuchokera pa pegi yoyamba. Yachiwiri inali pa masentimita 10, yafika pa 20, yasuntha ndi 10. Yachitatu inali pa 20, yafika pa 40, yasuntha ndi 20. Yomaliza inali pa 40, ili pa 80, yasuntha ndi 40. Zonsezi zachitika m'nthawi yofanana, kotero pegi yakutali yathawa ndi liwiro loposa la yapafupi kanayi. Palibe pegi imene yayenda pamwamba pa mphirayo. Iliyonse idakali pomwe munaipanikiza.

Kenako muitane mwana uja ananena kuti tili pakati. Asankhe pegi ina iliyonse, yachiwiri kapena yachinayi, aiyese kwawo, ayezenso kuchokera pamenepo. Apeza zomwezo: oyandikana naye akuchoka pang'onopang'ono, akutali akuthawa kwambiri, mbali zonse ziwiri. Pegi iliyonse ikanakhala ndi maso bwenzi ikulumbira kuti ndiyo ili pakati. Musamuuze yankho, msiyeni alipeze ndi rula wake. Ine ndimaona kuti mwana amene wayeza yekha saiwala.

Zimene mapegiwo akuonetsa ndi zimene zinapezeka kumwamba, ndipo mmene zinapezekera n'zofunika kuti anawo adziwe, kuopa angaganize kuti ndi nkhani yongokhulupirira. Panafunika kudziwa zinthu ziwiri za mlalang'amba uliwonse: liwiro lake ndi kutalika kwake.

Liwiro limaoneka m'kuwala. Ambulansi ikamabwera ndi sayilini kulowera ku Kamuzu Central, kulira kwake kumamveka kosongoka, ikangokudutsani kumatsika n'kukhala kwa besi. Mafunde a phokoso amapanikizana ikamabwera, amatambasuka ikamapita. Kuwala nakonso ndi mafunde. Kuwala kwa nyenyezi mukakupatula m'mitundu ya utawaleza, mumapezamo timizere takuda pamalo odziwika bwino, tomwe ndi chidindo cha zinthu monga hayidirojeni ndi kashiamu. Chinthu chikamatalikira, timizereto timasunthira kumbali yofiira, kumene mafunde ndi aatali. Akatswiri amakutcha kusunthaku redshift. Vesto Slipher, wa ku Lowell Observatory ku Arizona, anayamba kuyeza zimenezi mu 1912, ndipo pofika 1917 anali atayeza timitambo ta kuwala 25, tambiri mwa ito tikutalikira ndi liwiro la makilomita mazanamazana pa sekondi. Nthawi imeneyo anthu ankatsutsanabe ngati timitamboto tili mkati mwa mlalang'amba wathu kapena kunja.

Kutalika ndiko kunali kovuta, pakuti kanyenyezi kozimirira kakhoza kukhala kakang'ono kapafupi kapena chachikulu chakutali, monga mmene usiku simungadziwire msanga ngati kuwala kuli patsogolo ndi koloboyi wa pakhonde lapafupi kapena galimoto yomwe ili kutali. Amene anamasula mfundoyi ndi mayi Henrietta Leavitt, yemwe ankagwira ntchito yopenda zithunzi za nyenyezi ku Harvard. Iye anayang'anitsitsa nyenyezi za mtundu wa Cepheid, zimene zimawala n'kuzimirira mobwerezabwereza, ndipo mu 1912 anasonyeza kuti imene imatenga masiku ambiri kuti ibwereze ndiyo yowala kwambiri mwachibadwa. Ukawerenga masikuwo wadziwa mphamvu yeniyeni ya nyaliyo, ukayerekeza ndi mmene ikuonekera wadziwa mtunda. Nyenyezi zimene mayiyu anapenda zili m'kamtambo kakang'ono ka Magellan, kamene ku Harvard sikaoneka, koma ife kuno timakaona ndi maso. Ndibwereranso kwa kamtambo kameneka.

Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu ya pa Mount Wilson ku California, ya galasi la mainchesi 100, anapeza Cepheid mu Andromeda mu 1923, ndipo zinadziwika kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina pawokha, kutali kunja kwa wathu. Mu 1929 anaika pamodzi mitunda ndi maliwiro, n'kupeza za mapegi zija: wakutali kawiri ukuthawa kawiri. Koma zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 1927, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, anali atalemba kale zomwezi kuchokera m'masamu a Einstein a 1915, ndipo Alexander Friedmann wa ku Russia anali atasonyeza mu 1922 kuti masamuwo amalola chilengedwe chofutukuka. Lemaître analemba m'Chifalansa m'magazini imene ambiri sankawerenga, ndiye ulemu unapita kwa Hubble. Mu 2018 bungwe la International Astronomical Union linavomereza kuti lamuloli lizitchedwa la Hubble ndi Lemaître. Ndimakonda kuti ana azimva mayina onsewa, makamaka la mayi Leavitt, chifukwa mtsikana amene anakufunsani uja ayenera kudziwa kuti rula yoyezera thambo inachokera m'manja mwa mayi.

Masiku ano muyeso wake uli chonchi. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo kochokera ku dzuwa kumatifika patatha mphindi 8 ndi masekondi 20. Tengani mtunda umene kuwala kungayende zaka 3.26 miliyoni. Pa mtunda uliwonse wotero, liwiro la kutalikirana limawonjezereka ndi makilomita pafupifupi 70 pa sekondi, ngati kuchoka ku Lilongwe n'kutsala pang'ono kulowa m'tauni ya Dedza m'kuphethira kumodzi. Mlalang'amba umene uli pa mtunda wa zaka 100 miliyoni za kuwala ukutalikira makilomita oposa 2,000 pa sekondi. Dziwaninso kuti fanizo la ambulansi lili ndi polekezera. Kwa milalang'amba yakutali kwambiri, n'kolondola kunena kuti funde la kuwala latambasukira m'njira, pamodzi ndi mpata umene likudutsamo. Jambulani funde ndi choko pa legeni uja musanakoke, ana aone likutalika.

Mukabweza nkhaniyi m'mbuyo, mipata yonse imachepa, ndipo masamu amatifikitsa pa zaka 13.8 biliyoni zapitazo, pamene zonse zinali zothinana ndi zotentha koopsa. Dzina lakuti Big Bang ndilo lasocheretsa anthu ambiri. Analipeka ndi Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, munthu amene maganizowo ankawakana. Dzinalo limapatsa chithunzi cha bomba lophulika pamalo amodzi, zidutswa n'kumwazikira kunja. Kukanakhala kotero bwenzi tikutha kuloza chala n'kunena kuti kunachitikira uko. Koma pa legeni wosakoka, mapegi onse anali pafupi ndi anzawo, ndipo palibe imodzi imene mungati kukokako kunayambira pa iyo. Malo amene pali Kawale lero, malo amene pali Andromeda, ndi malo a mlalang'amba wakutali kwambiri umene telesikopu ya James Webb yajambula, onsewa anali m'chiyambi chothinana ndi chotenthacho. Chiyambicho chinachitikira paliponse, kuphatikizapo pamene payima desiki yanu.

Umboni wake ulipo, ndipo ndi umene umanditsitsimula mtima kuposa wina uliwonse. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson, ku Holmdel m'chigawo cha New Jersey, ankavutika ndi kaphokoso kosatha m'mlongoti wawo wolandira mafunde a wailesi. Analoza kum'mawa kalipo, kumadzulo kalipo, usana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja. Anafika pochotsa nkhunda zimene zinamanga zisa mumlongotimo n'kukolopa zitosi zake, koma kaphokosoko sikanachoke. Kanali kuwala kotsala kwa nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka 380,000 zokha, pamene chinazizira kufika madigiri pafupifupi 3,000 ndipo kuwala kunayamba kuyenda momasuka. Kuchokera nthawiyo mafunde ake atambasuka pafupifupi ka 1,100, kotero lero maso sangakuone, ndipo kuzizira kwake ndi madigiri 270 pansi pa ziro. Amene munaonerapo TV zakale za mlongoti mukukumbukira timadontho toyera ndi takuda tija tinkathwanima pomwe palibe siteshoni. Kagawo kochepa ka timadonthoto kanali kuwala komweku. Mfundo yoti mwana aigwire ndi yakuti kumachokera mbali zonse mofanana. Bomba likanakhala ndi malo ake, kuwalako bwenzi kukuchokera mbali imodzi.

Tsopano funso la mtsikana uja, lomwe ndi lolemera kuposa onse. Apa muwauze ana poyera kuti legeni watithandiza mpaka pano koma sapitirira, chifukwa ali ndi nsonga ziwiri ndipo akutambasukira m'kalasi. Chilengedwe chonse, mwa tanthauzo la mawuwo, ndi zonse zimene zilipo, kuphatikizapo malo enieniwo. M'masamu a Einstein mpata si bwalo longokhala limene zinthu zimaseweramo. Umapindika pafupi ndi zinthu zolemera, umatambasuka, ndipo kutambasukako kumafotokozedwa kwathunthu ndi miyeso ya mkati mwake, popanda kufuna malo ena akunja. Njira imene ndapeza kuti imalowa m'mutu mwa ana a Fomu 3 ndi ya manambala. Lembani pa bolodi 1, 2, 3, 4, mpaka kosalekeza. Chulukitsani iliyonse ndi 2, mupeza 2, 4, 6, 8. Mpata wa pakati pa nambala ndi inzake wawirikiza, paliponse, koma mzerewo sunalowe m'munda wa munthu, pakuti unalibe malekezero kuyambira kale. Miyeso imene ilipo ikusonyeza kuti mpata wa chilengedwe ndi wosapindika kufika pomwe zida zathu zimatha kuyeza, zimene zikugwirizana ndi chilengedwe chopanda malire kapena chachikulu kwambiri kuposa gawo limene timaliona. Palibe muyeso ndi umodzi womwe umene wasonyeza khoma kapena m'mphepete.

Gawo limene timalionalo lili ndi polekezera, koma polekezera pake ndi pa maso athu. Msodzi ali pakati pa nyanja ya Malawi amaona madzi akukumana ndi thambo momuzungulira, iye ali pakati pa bwalolo, ndipo mnzake amene ali makilomita 30 kumpoto alinso pakati pa bwalo lake. Ifenso timaona kokha kumene kuwala kwake kwapeza nthawi yotifika m'zaka 13.8 biliyoni. Malo akutali kwambiri amene kuwala kwawo kukutifika lero ali pa mtunda wa zaka 46 biliyoni za kuwala, chifukwa mpata unapitiriza kutambasuka kuwalako kuli pa ulendo. Mwana wochenjera adzafunsa ngati zimenezi sizikuphwanya lamulo lakuti palibe chothamanga kuposa kuwala. Sizikuphwanya. Lamulolo limaletsa chinthu kupitirira kuwala pamalo pomwe chili, silikamba za kuchuluka kwa mpata umene ungawonjezereke pakati pa zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri.

La ku Blantyre ndi lopepuka, ndipo mapegi ayankha kale: mphira inatalika koma pegi sinakule. Chinthu chimene chagwirana chokha sichitenga nawo mbali. Thupi lanu, njerwa, ndi thanthwe limene msewu wa M1 wagonapo zagwiridwa ndi mphamvu za pakati pa maatomu. Dziko, dzuwa ndi mlalang'amba wathu wonse zagwiridwa ndi mphamvu yokoka. Ndipo ngakhale tikanati msewuwo ukutambasuka pa muyeso wa thambo, makilomita 300 akanawonjezereka ndi mamilimita 0.02 pa chaka, osafika n'komwe pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Apatseni ana a masamu awerengere okha. Pali zina zimene zikutalikiranadi pafupi nafe, koma pa zifukwa zake. Mwezi ukuchoka masentimita 3.8 pa chaka chifukwa cha kukokana kwake ndi madzi a m'nyanja zikuluzikulu, ndipo chigwa chimene muli nyanja yathu chikung'ambika pang'onopang'ono chifukwa cha kusuntha kwa matanthwe a pansi pa dziko. Andromeda, pa mtunda wa zaka 2.5 miliyoni za kuwala, sakutithawa n'komwe. Akubwera, makilomita 110 pa sekondi, chifukwa kukokana kwa milalang'amba iwiriyi kwaposa kufutukuka.

Musawapatse ana chithunzi chakuti nkhaniyi inatha. Kwa zaka zambiri akatswiri ankayembekezera kuti mphamvu yokoka ikuchepetsa liwiro la kufutukuka, monga mwala woponyedwa m'mwamba umachepa mphamvu. Mu 1998 magulu awiri opikisana, lina la Saul Perlmutter, lina la Brian Schmidt ndi Adam Riess, anayeza nyenyezi zophulika zakutali ndipo onse anapeza zosiyana ndi zimene ankafuna: kwa zaka mabiliyoni angapo zapitazi liwirolo lakhala likukwera. Atatuwa analandira mphotho ya Nobel mu 2011. Chimene chikukankhacho anachitcha dark energy, ndipo chimatenga magawo pafupifupi 68 pa 100 a zonse zili m'chilengedwe, pamene zinthu wamba zimene zimapanga nyenyezi, nthaka ndi anthu ndi magawo 5 okha. Ngakhale nambala ija ya 70 ili pa mkangano. Oyeza ndi kuwala kwakale kuja, kudzera pa setilaiti ya Planck, amapeza 67, pomwe oyeza ndi ma Cepheid ndi nyenyezi zophulika amapeza 73, ndipo mbali zonse ziwiri zayeza mosamala kwambiri moti kusiyanako sikungangonyalanyazidwa. Hubble mwiniwake anapeza 500, nambala imene inkapereka chilengedwe cha zaka 2 biliyoni, chaching'ono kuposa dziko lapansi lomwe lili ndi zaka 4.5 biliyoni, mpaka ena anadzakonza mitunda yake. Ntchito yoyeza thambo ikuchitikanso kuno kwathu ku Africa. Ku Karoo, ku South Africa, kuli MeerKAT, mbale 64 zolandira mafunde a wailesi zimene zinatsegulidwa mu 2018, ndipo zikulowa m'ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array. Mwana wa ku Area 25 amene wagwira bwino masamu ndi fizikisi sakulota zosatheka akaganiza zokagwira ntchito kumeneko.

M'kalasi ya kuno simudzalephera kupeza mwana wofunsa ngati zonsezi sizikutsutsana ndi zimene amamva kutchalitchi kapena kumzikiti. Muuzeni za Lemaître. Anakhala wansembe mpaka imfa yake, ndipo ndi iye anayambitsa ganizo la chiyambi chothinana mu 1931. Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti sayansiyi yatsimikizira nkhani ya kulenga, Lemaître sanakondwere nazo, pakuti ankafuna kuti miyeso iziyankha mafunso a miyeso, chikhulupiriro chiziyankha akeake. Ine m'kalasi ndimaima pomwepo: ndimaphunzitsa zimene zayezedwa ndi mmene anaziyezera, ndipo sindinyoza mwana chifukwa cha pemphero lake.

Ngati mungathe, kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala mvula isanakhazikike, sankhani usiku wopanda mwezi mupite ndi anawo kunja kwa magetsi a mzinda, chakunjira ya ku Bunda kapena kupitirira Lumbadzi. Cha m'ma 10 koloko, atakhala mumdima mphindi 20 osayatsa foni, ayang'ane kumwera. Aona timitambo tiwiri toyera tosasuntha ndi mphepo, kakang'ono kali m'mwamba pang'ono, kakakulu kali m'munsi chakum'mawa. Kakang'onoko ndi kaja ka mayi Leavitt, ndipo kuwala kumene kukulowa m'maso mwawo kunanyamuka zaka 200,000 zapitazo. Kenako atembenuke ayang'ane kumpoto, pa msinkhu wofanana ndi womwewo, afunefune kachizimezime kotalika ngati njere ya mpunga. Ameneyo ndi Andromeda. Onse atatuwa ndi a pamudzi pathu, omangidwa nafe ndi mphamvu yokoka, ndipo palibe mwa iwo amene kufutukuka kukumuchotsa. Milalang'amba imene ikuthawa ili kuseri kwa iwowa, m'malo akuda a pakati pa nyenyezi, mmene maso paokha saonamo kanthu. Uzani mtsikana uja aloze chala pamdima uliwonse umene wasankha, kumwera, kumpoto kapena pamwamba pa mutu wake, ndipo mumuuze kuti kumeneko ilipo, ndipo ikutalikira.